Wosoka nsapato amene anachonderera woweruza

Ana inu, mwina munamvapo akuluakulu akunena kuti, "Achimwene anu ayamba ntchito, koma akadali pa pulobeshoni." Tsiku lina mukhoza kumvanso pa wailesi kuti khoti silinatumize mnyamata wina kundende, koma lamuika pa pulobeshoni. Zikutheka bwanji kuti munthu amene wangolembedwa ntchito ndi munthu amene wapezeka wolakwa kukhoti azitchulidwa ndi mawu amodzimodzi?

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku liwu lakuti probare, lomwe limatanthauza kuyesa chinthu kuti uone ngati chili chabwino. Choncho munthu wa pa pulobeshoni ndi amene wapatsidwa nthawi yoti aonetse khalidwe lake, wina akumuyang'anira. M'Chingerezi munthu wotere amatchedwa probationer.

Kuno ku Malawi, lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limalola bwana kugwirizana ndi wantchito waluso za nthawi yomuyesa, koma nthawiyo isapitirire miyezi 12. Kuyesa ophunzira ntchito sikunayambe lero. Mu 1860, Florence Nightingale anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London. Atsikana 15 oyamba kulowa sukuluyi ankatchedwa ma probationer, ndipo ankaphunzira chaka chathunthu. Mkulu wa anamwino, mayi Sarah Wardroper, ankalemba za aliyense: ngati amasunga nthawi, ngati ndi waukhondo, ngati amanena zoona, ngati akudziwa kumanga bala.

Malo aliwonse ali ndi dzina lake la munthu watsopano. Wongolowa kumene usilikali kapena upolisi ndi rikuluti. Kugalaja, mnyamata wopatsira zitsulo uku akuphunzira umakaniki ambiri amamuti sipanala boyi. Kumudzi, mtsikana wolowa chinamwali ndi namwali, ndipo sakhala yekha: amakhala ndi phungu womuyang'anira ndi anamkungwi omulangiza.

Nanga za kukhoti zija zinayamba bwanji?

Mu mzinda wa Boston, m'chigawo cha Massachusetts ku America, munali bambo wina wosoka nsapato dzina lake John Augustus. Sanali loya, sanali wapolisi, sanalinso m'busa. Anali m'gulu la anthu olimbikitsa anzawo kusiya mowa, ndipo ankakonda kupita kukhoti kukamvera milandu. Tsiku lina m'chaka cha 1841 anaona bambo wina akuzengedwa mlandu wa uchidakwa. Masiku amenewo chidakwa chinkatumizidwa kundende. Augustus analankhula naye bamboyo, ndipo iye analonjeza kuti akamasulidwa asiyiratu mowa.

Pamenepo wosoka nsapato uja anachita chinthu chachilendo. Anapempha woweruza kuti asagamule msanga, koma ampereke munthuyo m'manja mwake kwa masabata atatu. Anamuimira pa belo, kutanthauza kuti munthuyo akanathawa, ndalama za Augustus ndizo zikanapita. Anakhala ngati nkhoswe ya munthu amene sanali m'bale wake n'komwe.

Masabata atatu atakwana, anabwerera naye kukhoti. Bambo uja anali atasiya mowa, akuoneka munthu wina. Woweruza anangomulipiritsa senti imodzi pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu, basi. Kundende sanapondeko.

Augustus sanalekere pomwepo. Kwa zaka 18 ankapita kukhoti kukatenga anthu, amuna ndi akazi, ndipo kuyambira mu 1843 anayamba kutenganso ana ogwidwa ndi milandu ing'onoing'ono monga kuba. Sankangotola aliyense ayi. Ankayamba wafufuza msinkhu wa munthuyo, khalidwe lake lakale, kumene amakhala ndi anzake amene amayenda nawo. Ena ankawapezera ntchito, ana ankaonetsetsa kuti akupita kusukulu, ndipo osowa kogona ena ankawasunga kunyumba kwake. Zonse ankazilemba m'buku. Pofika mu 1858 anali ataimira anthu 1,946, ndipo amene anamugwiritsa mwala anali ochepa kwambiri. Iyeyu ndiye anayamba kutchula ntchito imeneyi kuti probation.

Musaganize kuti aliyense ankamuwombera m'manja. Apolisi ndi ogwira ntchito kukhoti ena ankadana naye, chifukwa masiku amenewo ankalandira kangachepe munthu akatumizidwa kundende. Ena ankati akulekerera zigawenga. Ntchito yake ya nsapato inalowa pansi chifukwa nthawi ndi ndalama zake zinkathera kukhoti. Ine ndimamulemekeza kwambiri bambo ameneyu. Anaona chimene anthu ophunzira malamulo sankachilabadira: mwana woba koyamba mukamutsekera pamodzi ndi akuba ozolowera, amatulukako ataphunzira kuba kwenikweni.

Augustus anamwalira mu 1859. Patapita zaka 19, mu 1878, boma la Massachusetts linakhazikitsa lamulo loti ku Boston kukhale munthu wolipidwa wogwira ntchito imene iye ankaigwira ulele. Ku England nako, mu 1876, wosindikiza mabuku wina dzina lake Frederic Rainer anapereka mashileni asanu ku bungwe la mpingo lolimbana ndi uchidakwa kuti lizitumiza anthu m'makhoti kukathandiza zidakwa. Mu 1907 dzikolo linakhazikitsa lamulo la pulobeshoni, ndipo njirayi inafalikira kumayiko ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno.

Ku Malawi, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 limati mwana woganiziridwa mlandu asazengedwe ngati munthu wamkulu. Pali makhoti a ana, ndipo mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Mwana akagwidwa, ofisala wa pulobeshoni, amene amachokera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, amafufuza za moyo wake: akukhala ndi ndani, amapita kusukulu kapena ayi, chinam'chititsa n'chiyani. Kenako amalemba lipoti lothandiza khoti. Mlandu ukakhala waung'ono ndipo mwanayo wavomera kulakwa kwake, nkhani ikhoza kutha osazengedwa mlandu: akhoza kupepesa, kubweza chimene anatenga, kapena kulandira uphungu. Ikakhala yaikulu, khoti likhoza kumutumiza kumalo osinthira khalidwe monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Kwa akuluakulu a milandu ing'onoing'ono palinso chilango chogwira ntchito zothandiza anthu osalipidwa, monga kusesa pachipatala kapena kulambula pasukulu, madzulo n'kukagona kwawo.

Koma pulobeshoni si kukhululukidwa. Munthuyo wapezeka wolakwa ndithu, ndipo amapatsidwa malamulo oti atsate: kuonekera kwa ofisala pa masiku oikika, kudziwitsa akafuna kusamuka, ndi kupewa mlandu wina uliwonse. Akasunga zonsezi mpaka nthawi yake itatha, amapitiriza moyo wake ali mfulu. Akaphwanya, amabwezedwa kukhoti, ndipo woweruza akhoza kumupatsa chilango cha mlandu woyamba uja.