Maso amaona munthu, saona chomwe chikumuthamangitsa

Ophunzira zaubusa a ku Princeton Theological Seminary, ku America, anauzidwa kuti akalankhule mwachidule m'nyumba ina yapafupi. Ena mwa iwo anapatsidwa mutu wa fanizo la Msamariya wachifundo. Panjira yopita kumeneko panali munthu atakhala pakhomo, mutu atazolika, maso atatsinzina, akukhosomola ndi kubuula. Sanali wodwala ayi. Anachita kumuikapo akatswiri a za maganizo a anthu, John Darley ndi Daniel Batson, kuti aone amene angaime.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1973. Mwa ophunzira amene anauzidwa kuti nthawi ikadalipo, 63 pa 100 alionse anamuthandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa kale, anathandiza ndi 10 okha pa 100. Ena anachita kumulumpha munthuyo, akuthamangira kukanena za Msamariya yemweyo! Mutu umene munthu anapatsidwa sunasinthe zambiri. Chinalamula ndi nthawi.

Tikanakhala poteropo n'kumaonerera, ambiri tikanagwira pakamwa n'kuti, "Abusa ouma mtima chonchi?" Apa ndiye pagona nkhani. Taona munthu akudutsa wodwala, koma mawu oti wachedwa aja sitinawamve. Mu 1977, Lee Ross wa ku Stanford University anatcha chizolowezi chimenechi fundamental attribution error: kuganiza kuti mnzathu wachita chinthu chifukwa ndi mmene alili, n'kuiwala zomwe zamupanikiza.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale atatiuza zomupanikizazo, sitimva msanga. Mu 1967, Edward Jones ndi Victor Harris anapatsa anthu nkhani zoyamikira mtsogoleri wa Cuba, Fidel Castro, n'kuwauza poyera kuti wolembayo anachita kulamulidwa kulemba choncho. Owerengawo anakhulupirirabe kuti munthuyo amamukonda ndithu Castro.

Koma pa ife eni mlandu umazengedwa mwina. Ine ndikachedwa kuntchito, ndi minibasi yomwe inakhalitsa pasiteji kudikira kuti idzaze. Mnzanga akachedwa, ndi ulesi basi. Ndipo chigamulocho sichitenga nthawi. Janine Willis ndi Alexander Todorov anapeza mu 2006 kuti kuona nkhope kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi n'kokwanira kuti munthu agamule ngati mwini wake ndi wokhulupirika. Atawaonjezera nthawi, anthu sanasinthe kwenikweni maganizo. Anangolimba nawo mtima.

Kumene zimenezi zimapweteka kwambiri ndi kuchipatala. Mayi wadumpha tsiku lolandira ma ARV, wafika patatha milungu iwiri, kabuku kali m'manja. Woyang'ana m'kabukumo akuona tsiku lodumphidwa, ndipo dzina lapezeka kale: wothawa mankhwala, wosamva. Kabukuko sikanena kuti mtsinje unadzaza, kuti kumudzi kunagwa maliro, kapena kuti ndalama ya kabaza inagula ufa. Munthu wokalipidwa pagulu ulendo wina akhoza kuopa kubweranso, ndiye dzina anamupatsa lija limasanduka loona. Mbali inayo n'chimodzimodzi: namwino amene wayankha mwachidule timamutcha wamwano, osadziwa kuti wachezera usiku wonse ali yekha m'wodi.

Sikuti khalidwe kulibe. Amwano alipo, aulesi aliponso. Vuto n'lakuti chochita chimodzi sichikwanira kutiuza kuti munthu ndi wotani. Komanso chizolowezichi chimasiyana malinga ndi kumene munthu wakulira. Joan Miller anaonetsa mu 1984 kuti akuluakulu a ku India, pofotokoza zochita za anzawo, ankatchula zomwe zinawazinga kawirikawiri kuposa mmene a ku America ankachitira. Chinthu chophunziridwa chikhoza kuwongoleredwa.

Inu ogwira ntchito m'zipatala, wodwala akabwera tsiku lake litadutsa, musanalembe chilichonse m'kabuku, yambani mwamufunsa kuti, "Chinachitika n'chiyani, mayi?" n'kudikira yankho.