Kuno kulibe draft, kuli masana amodzi a ma trials

Loweruka lina m'mawa ndinakwera minibasi pa Mbulumbuzi kupita ku Limbe. Kumpando wakumbuyo anyamata awiri anali atagundanitsa mitu pa foni imodzi, akukangana za masewera a ku America. Wina ankati kumeneko zinthu zili m'malo mwake: mwana akasewera bwino ku koleji amalowa mu draft, matimu akuluakulu n'kumamusankha dziko lonse likuonera pa kanema. "Kukanakhala draft kuno," anatero, "mphwanga uja bwenzi ali ku Bullets." Mnzakeyo anapukusa mutu. Kwa iye nkhani ndi yodziwana ndi akuluakulu, apo ayi kukhala ndi agogo odziwa zitsamba.

Sindinalowerere, koma ndinatsika pa Limbe nkhaniyo ikundizungulira m'mutu chifukwa imakhudza ntchito yanga. Ndimaphunzitsa masewera pa sekondale ina kuno ku Chiradzulu, ndipo madzulo ndimakonza matupi a osewera a timu ina ya kumudzi. Wosankha amene alowe m'bwalo ndi kochi. Yanga ndi yoti wosankhidwayo akhalebe ndi mpweya mphindi 90 zikamatha, komanso adzathe kuyenda bwinobwino akadzafika zaka 30.

Draft ndi njira yogawana osewera atsopano. Mu NFL, ligi ya mpira uja amasewera atavala zisoti, matimu 32 amasankha ana ochokera ku makoleji mosinthana, maulendo asanu ndi awiri, ndipo timu imene inathera kumchira chaka chathacho ndiyo imayamba. Amatero kuti wofooka apezeko wosewera wabwino, ligi isakhale ya matimu awiri okhaokha. Mwana sasankha kopita, amangomva dzina lake likuitanidwa. Chimene kanema saonetsa kwenikweni n'chakuti pofika tsikulo mwanayo amakhala atatha zaka zitatu kapena zinayi m'manja mwa okonza thupi, madokotala ndi odziwa za zakudya a ku koleji yake. Asanasankhidwe, ambiri amaitanidwa ku Indianapolis kukayezedwa msinkhu, kulemera, kudumpha, liwiro pa mayadi 40, mawondo ndi mtima. Timu imasankha itawerenga kale mbiri yolembedwa ya thupi limenelo.

Ndipo si ligi zonse za ku America zimene zikuifunabe draft. NWSL, ligi ya mpira wa miyendo wa amayi, inaithetsa mu 2024. Chaka chomwecho Temwa Chawinga wa ku Rumphi anafika ku Kansas City Current kuchokera ku timu ya ku Wuhan ku China, osadzera ku koleji ya ku America, n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi, zimene panalibe anazifikapo, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Aliyense amene anamuonapo akuthamanga amadziwa kuti chimene anapita nacho kumeneko ndi miyendo yokonzeka.

Kwathu kuno masewera a m'sukulu alipo. MASSA imayendetsa a ku pulayimale ndi ku sekondale, TESSAM a m'makoleji, ndipo pa Nguludi pompa tili ndi Catholic University, kumene ophunzira amasewera ndithu. Timu ya Mzuni inafikapo mpaka mu Super League. Koma njira ya mwana wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe sidzera ku koleji. Amayamba ndi chikulunga pa bwalo la fumbi, kenako timu ya sukulu, mabonanza, ligi ya m'boma, mwina ya m'chigawo. Tsiku lina wina amamuuza kuti timu yakutiyakuti ikuyesa osewera mu Blantyre. Amabwereka jombo, amake amagulitsa nandolo kuti apeze thiransipoti, n'kukapeza anzake ochuluka atadzaza bwalo. Amamupatsa mphindi zochepa. Draft yathu ndi imeneyo: masana amodzi, popanda pepala lililonse lomulankhulira.

Masapota amaganiza kuti pa masana amenewo makochi amayang'ana zyolizyoli. Amaziona, koma sizimene zimawagwira mtima. Kochi wodziwa amayang'ana ngati mwana amacheuka mpira usanamufike, ngati akauphasha umakhala pamwendo, ndiponso chimene amachita akangomaliza kuthamanga kwambiri. Kodi amabwerera pamalo pake msanga, kapena amagwira m'chiuno n'kumayang'ana kumwamba? Chomalizachi ndiye changa, ndipo sichikonzeka sabata imodzi.

Apa ndi pamene ambiri timasocherera. Tili ndi phiri lathu la Chiradzulu ndi zitunda ponseponse, choncho kochi akafuna fitinesi amangoti anyamata akwere chitunda mpaka wina asanze. Wosanzayo timati walimbikira. Wosewera wa ligi yaikulu amayendadi makilomita pafupifupi 10 pa gemu imodzi, koma mbali yaikulu ya mtundawo amayenda kapena kuthamanga mwapang'onopang'ono. Gemu imawinidwa pa timaliwiro tatifupitifupi, mamita 10 kapena 20, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka, kuyambanso. Mwana wozolowera kuthamanga ola lathunthu pa liwiro limodzi amakhala ndi mpweya wa munthu wa mtunda wautali, koma akakumana ndi winga wothamanga amasiyidwa pa masitepe atatu oyamba. Chitunda chili ndi ntchito yake, makamaka ligi isanayambe, ndipo chimathandiza kwambiri mukachikwera mwaliwiro masekondi ochepa, kutsika mukuyenda, kupuma, n'kubwerezanso.

Zimenezi ndinaziphunzira mochedwa, ndipo amene analipira ndi mwana wa eni. Ndinali ndi mnyamata wa zaka 14, womwetsa zigoli, amene chaka chimenecho anatalika ngati chimanga cha m'dimba. Anayamba kudandaula bondo. Ine ndinati ndi ulesi, ndipo ndinamuonjezera zodumphadumpha. Patapita masabata angapo agogo ake anabwera kusukulu atamugwira dzanja. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anamuuza kuti apinde buluku, n'kundilozera chotupa cholimba pansi penipeni pa bondo. Mwanayo atachikhudza anakuwa.

"Aphunzitsi," anatero agogowo, "mwanayu usiku sagona. Kodi mpira wanuwu ndi woti alumale nawo? Anthu akuti ndikamuteme mphini."

"Pepani agogo, ndalakwa ndine," ndinayankha. "Mphini ziyambe zadikira, tiyeni tipite naye kuchipatala."

Kumeneko anatiuza dzina la vutolo, Osgood-Schlatter. Mwana akamakula mofulumira, mafupa amatalika msanga kuposa minofu, ndiye mtsempha wochokera pa bondo umakoka pamalo pamene fupa la mwendo silinakhwime. Limakonda anyamata a zaka zapakati pa 12 ndi 15, atsikana msangako pang'ono. Si matsenga, ndipo kawirikawiri limatha lokha mwana akamaliza kukula, bola achepetse kudumpha ndi kuthamanga pa nthaka youma pamene pakuwawa. Mnyamatayo anachira, koma chaka chimenecho mpikisano wa sukulu unamudutsa chifukwa cha ine. Kuyambira pamenepo ndimayeza msinkhu wa ana anga onse pa khoma la kalasi teremu iliyonse. Amene watalika kwambiri ndimamuchepetsera ntchito, ngakhale iye mwini akwiye. Kuwongola mtengo mpoyamba, inde, koma mtengo wanthete ukaukoka mwamphamvu umathyoka.

Anthu akamva za sayansi ya masewera amaganiza za jimu ya magalasi ndi makina okwera mtengo. Chida chimene chandithandiza kwambiri pa ntchito yanga sichifuna ndalama. Ndi ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha: kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa mimba ndi ntchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kuphunzira kutera bwino ukadumpha kuti bondo lisagwere mkati. Ku Norway anaiyesa pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mkati mwake muli kachitidwe kamene ana anga amadana nako, kotchedwa Nordic. Wina amagwada, mnzake n'kumugwira akakolo, ndiye wogwadayo amagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Akafukufuku apeza kuti kuchita zimenezi mosadumphitsa kumachepetsa ndi theka kung'ambika kwa minofu imeneyi, kuja mumaona wosewera akuthamanga kenako n'kugwira kumbuyo kwa ntchafu ngati walumidwa ndi mavu. Ife timachitira pa masaka, chifukwa bwalo lathu m'chilimwe limauma gwa.

Za chakudya sindichulukitsa. Mwana amene wachoka kunyumba m'mawa ndi madzi okha, n'kuphunzira mpaka masana, sangapindule ndi thirening'i ya 4 koloko, ngakhale kochi akhale wa ku Ulaya. Mbatata, nsima, nandolo, usipa, dzira, ndiponso mkaka umene alimi ambiri m'boma lino amakama, n'zokwanira kumanga wosewera. Zakumwa za m'zitini zija amati zopatsa mphamvu zimangomudyera ndalama ya chakudya chenicheni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mabonanza. Ndimawakonda chifukwa ndi pamene mudzi wonse umasonkhana, ndipo ana ena amaonekera pomwepo. Koma thupi likasewera gemu yathunthu limafuna masiku awiri kapena atatu kuti libwerere m'chimake. Pa bonanza mwana amasewera Loweruka m'mawa, Loweruka madzulo, Lamulungu n'kusewera ndime yomaliza, ndipo ngati ali waluso timu ya mudzi woyandikana imamubwerekanso Lachiwiri. Akabinya, okonza bonanza amakhala atapereka kale chikho n'kunyamuka. Wotsala naye ndi mayi ake.

Anyamata a mu minibasi aja anakambanso za masukulu a ku America amene akusamuka m'magulu awo. N'zoona. Mu 2024 USC, UCLA, Oregon ndi Washington anachoka mu gulu la Pac-12 kupita ku Big Ten, pamene Texas ndi Oklahoma analowa mu SEC, ndipo Pac-12 inatsala ndi masukulu awiri okha. Chinawakoka ndi ndalama za makampani a kanema. Masapota amakangana za amene wapindula, koma ine ndimaganiza za wophunzira wa ku Los Angeles amene tsopano amauluka makilomita pafupifupi 4,000 kukasewera ku New Jersey, n'kubwerako kudzalowa m'kalasi.

Ifenso zathu zasintha. Kale akatswiri a ligi za kummwera, pakati ndi kumpoto ankakwera molunjika kulowa mu Super League ya matimu 16. Mu 2025 FAM inayambitsa ligi yachiwiri ya dziko lonse, yothandizidwa ndi NBS Bank, pakati pa zigawo ndi Super League. Ine ndikugwirizana nazo, chifukwa phompho linali lalikulu ndipo matimu ambiri okwera ankatulukanso chaka chomwecho. Koma makwerero a mwana wa ku Chiradzulu aonjezekera sitepe, ndipo sitepe imeneyo ili ndi misewu yaitali. Timu ya kummwera ikamapita kumpoto imatha tsiku lonse mu kosita, mawondo atapindika, chakudya chili tchipisi cha pamsewu, mawa lake n'kulowa m'bwalo. Akuluakulu a matimu akamawerengera mafuta awerengerenso tsiku lofika msanga, madzi akumwa, ndi kuima panjira kuti anyamata atsike awongole miyendo. Gemu zambiri zakoyenda zimaluzidwira m'galimoto.

Chatsala ndi pepala. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu ya kumudzi ikhoza kudyapo, koma pokhapokha ngati ili yolembetsedwa ndipo mwanayo analowa m'kaundula wa FAM ali kumeneko. Matimu athu ambiri amalera mwana zaka zisanu, osalemba paliponse, ndiye akatchuka amangotsala ndi nkhani yoti anayambira kwathu. Pepala lomwelo liyeneranso kunena zoona pa zaka. Kuchepetsa zaka kumaoneka ngati kuthandiza mwana, koma mu 2009 FIFA inayamba kujambula mkono ndi makina a MRI pa mipikisano ya osapitirira zaka 17, ndipo fupa kawirikawiri limaulula bodzalo. Kwa ine bodza la zaka ndi loopsa mwa njira inanso: ntchito imene ndimapatsa thupi ndimaiyeza ndi zaka zake, ndipo mnyamata wa zaka 20 akalowa pakati pa ana a zaka 15, amene amathyoka ndi anawo.

N'chifukwa chake ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalisunga kuposa wezulo. Mwana aliyense ali ndi tsamba lake: tsiku lobadwa monga lilili ku sukulu, msinkhu wake teremu iliyonse, pamene anavulala ndi masiku amene anakhala osasewera, ndi nthawi imene amathamanga mamita 20. Mamita 20 amenewo timayeza ndi chingwe chimene ndinachimanga mfundo mbali zonse ziwiri, nthawi n'kumatengera pa foni. Mwana wanga akamapita ku ma trials ndimakopera tsamba lake papepala, ndisayine, aliike m'chikwama pamodzi ndi jombo. Makochi ena saliwerenga. Mmodzi anandiimbira foni kufunsa za bondo lamanzere limene ndinalemba, ndipo anamupatsa mnyamatayo sabata inanso kuti amuonetsetse.

Lolemba likubwerali tikuyeza a Fomu 1. Chingwe chija chatha, moti ndinagula china tsiku lomwe lija ku Limbe.