Makina a AI amafuna kuuzidwa bwino ngati mlendo padoko

Dzuwa likamapendeka, madoko a m'boma la Nkhotakota amachita piringupiringu. Ena amakhala akusoka maukonde, ena akukonza nyali, pomwe ena akukankhira mabwato m'madzi.

Tiyerekeze kuti padoko lina pafika mnyamata wa ku Ntchisi yemwe sadakwerepo bwato chibadwire. Mwini zida wangomuuza kuti, "Katenge ukonde." M'chisakasa muli chilimira, mulinso matchera. Mnyamatayo akanyamula matchera pomwe anzake akupita kukapha usipa, ndiye kuti usiku wonse wapita pachabe. Nanga wolakwa ndani, wotumidwa kapena wotuma?

Funso lomweli ndilo lazunguza mitu akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta m'maiko ambiri, makamaka omwe akupanga makina anzeru otchedwa AI.

Kampani ya OpenAI itatulutsa ChatGPT mu November 2022, makinawa ankangoyankha kuchokera m'zomwe adaphunzitsidwa. Kenako akatswiri adayamba kuwatuma ntchito: kusakatula m'mabuku, kutsekula masamba a pa intaneti ndi kuwerengetsa masamu. Opanga mapulogalamu eniake amawatuma kukawerenga mabuku a malangizo a ntchito yawo, omwe amakhala aatali ndipo amasinthasintha.

Kuti agwire ntchito yotereyi, makinawa amapatsidwa zida. Sizida zogwirika ndi manja ngati khasu ayi, koma timapulogalamu ting'onoting'ono. China chimasaka mawu m'buku, china chimatsekula tsamba lomwe lapezekalo, china chimakatenga mitengo ya katundu.

Chida chilichonse chimakhala ndi dzina komanso mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndipo amalemba mawuwo ndi munthu. Makina amawerenga mawuwo n'kusankha chida, monga momwe mayi amawerengera pachitini m'golosale asadagule. Mawuwo akakhala ozungulira, makina amanyamula matchera m'malo mwa chilimira.

Mu November 2024 kampani ya Anthropic idatulutsa ndondomeko yotchedwa Model Context Protocol, yogwirizanitsa kalumikizidwe ka zidazi ndi makina, ndipo mu 2025 makampani a OpenAI ndi Google adaivomera. Komabe ndondomeko siingamulembere munthu mawu omveka. Imeneyo ikadali ntchito ya mutu wa munthu.

Wina atha kufunsa kuti zimenezi zikumukhudza bwanji mlimi wa mpunga wa ku Bua kapena wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa M5 pa Chia. Yankho n'lakuti makina owerenga mabuku m'malo mwa anthu adafika kale m'dziko muno. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayambitsa Ulangizi, njira yofunsira mafunso a ulimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yomwe idakonzedwa kuti izitenga mayankho m'buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe.

Tsono chiyankhulo chathu chili ndi misampha yakeyake. Taganizani za mayi wa ku Nkhotakota, komwe kondowole ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, atafunsa makina ena aliwonse kuti, "Mtengo wabwino wa chinangwa ndingaupeze kuti?"

Mawu oti mtengo apa ali pawiri. Mwina mayiyo akufuna msika wogula mokwera, mwinanso akufuna mitengo yobzala yopanda matenda, poti m'madera a m'mbali mwa nyanja muli matenda owoletsa chinangwa m'kati omwe amafala kudzera m'mitengo yobzala. Ngati chida china chidalembedwa kuti "chimapeza za chinangwa" ndipo chinzake "chimapeza za mbewu", makina angoyenda mwamwayi. Mayi wofuna mbewu apatsidwa nkhani ya msika, mvula n'kumudutsa.

Wolemba wosamala amanena zonse poyera. Amalemba kuti chida ichi chimapeza ndalama zomwe mbewu ikugulitsidwira pamsika, chimafuna dzina la mbewu ndi la msika, ndipo sichithandiza pa za kabzalidwe. Amawonjezanso kuti funso likakhala pawiri, makina ayambe afunsa mwini wake.

Koma kulemba kokha sikukwana, mawuwo amayenera kuyesedwa. Akatswiri amasonkhanitsa mafunso enieni omwe anthu amafunsa, tinene 100, omwe mayankho ake olondola akudziwika kale. Amawapereka kwa makina n'kumawerenga kuti ndi kangati asankha chida choyenera, kangati atsekula tsamba lolakwika ndiponso kangati azungulira mtunda wautali asadafike payankho.

Akatero amasintha mawu a chida chimodzi chokha n'kubwereza mayeso onse, kuti aone ngati kusinthako kwathandiza kapena kwaononga. Mafunso ena amawasunga padera osawagwiritsa ntchito pokonza mawuwo, monga mphunzitsi amabisira mayeso enieni kuti ana asangoloweza mayankho. Amaikamonso dala mafunso omwe yankho lake mulibe m'buku, pofuna kuona ngati makina avomere kuti sakudziwa kapena apeke bodza.

China chomwe amayang'ana ndi zaka za mabuku. Buku likakonzedwanso, lakale silifufutika pa intaneti, choncho mawu a chida ayenera kunena kuti chikusaka m'buku la chaka chiti. Kwa wopanga mapulogalamu, tsamba lakale limatayitsa tsiku la ntchito. Kwa mlimi litha kutanthauza mankhwala omwe adaletsedwa kale.

Kulakwitsa kwa makina kuli ndi mtengo wake. Mu February 2024 bwalo lina la ku British Columbia m'dziko la Canada lidalamula kampani ya ndege ya Air Canada kulipira munthu yemwe makina oyankha mafunso a kampaniyo adamusokeretsa pa za tikiti yotsika mtengo ya opita kumaliro. Malamulo olondola adalipo ndithu patsamba la kampaniyo, koma makinawo adanena zina. Bwalolo lidagamula kuti zonena za makinawo ndi udindo wa kampani.

Phunziro kwa opanga makina ofuna kuthandiza Amalawi n'lakuti mayeso awo asathere m'Chingerezi mokha. Mafunso oyesera achokere pakamwa pa alimi ndi asodzi eniake, m'mene amayankhulira kwawo.

Nawo mabanja omwe ayamba kufunsa nzeru pafoni ali ndi mbali yawo. Funso lizikhala lathunthu: mbewu yanji, dera liti, vuto lidayamba liti. Yankho likabwera, ndi bwino kuwafunsa makinawo kuti alitenga m'buku liti, ndipo nkhani ikakhudza mankhwala kapena ndalama zambiri, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi musadachite kanthu.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mnyamata wa padoko uja akadafunsa kuti ukonde wake uti, anzake akadamuseka pang'ono, koma bwato likadabwerako ndi usipa.