Kugula pa lamya kwa anthu osaona: chithunzi chokha sichikwanira

M'maboma a Tsangano ndi Macanga malonda ambiri tsopano akuyenda pa lamya. Wogulitsa mbatatesi, mbewu kapena feteleza amaika chithunzi pa WhatsApp kapena Facebook, wogula n'kulipira pa M-Pesa kapena e-Mola. Nanga munthu wosaona amagula bwanji?

Iye amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza zimene zalembedwa. M'malamya a Android muli TalkBack, yomwe imatha kuwerenga Chipwitikizi. Pa kompyuta pali NVDA, yaulere, imene inayamba mu 2006 ndipo anaikonza ndi Michael Curran ndi James Teh a ku Australia, onse awiri osaona. Palinso Lynx, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti imene inapangidwa mu 1992 ku yunivesite ya Kansas ku America. Imaonetsa mawu okhaokha, popanda zithunzi.

Mapulogalamu onsewa amadalira mawu olembedwa. Ngati wogulitsa wa ku Furancungo wajambula thumba la nyemba, mtengo n'kuulemba m'kati mwa chithunzicho, lamya nthawi zambiri imangonena kuti pali chithunzi, basi. Wosaonayo sadziwa katundu, kulemera kwake kapena mtengo wake.

Polipira zinthu zimapepukirako, chifukwa *150# ya M-Pesa ndi *898# ya e-Mola zimabweretsa mawu ndi manambala okha. Vuto ndi nthawi: munthu akamamvetsera mzere uliwonse, zolembazo zimatha kutsekeka asanamalize. Apa ndi pamene ena amapereka lamya ndi PIN yawo kwa mnansi kapena wapabenchi ya ndalama, ndipo ndalama zawo zimakhala m'manja mwa wina.

Dziko la Moçambique linavomereza mu 2012 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, lomwe limakhudzanso mwayi wopeza uthenga ndi kugwiritsa ntchito intaneti. Bungwe la ACAMO, la anthu osaona ndi oona movutikira, ndi limene limawayankhulira m'dziko muno.

Koma wogulitsa sakufunika kudikira lamulo. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani dzina la katundu, makilogalamu, mtengo mu metikali ndi malo okatengera, kapena tumizani uthenga wa mawu. Zimenezi zimathandizanso wogula wakumudzi amene netiweki yake imalephera kutsegula zithunzi. Kwa inu osaona, valani zomvera m'khutu polemba PIN, ndipo musaiuze munthu aliyense.