Turbo imatenthetsa mpweya, intercooler imauziziritsa

Tikamapopa tayala la njinga mwachangu, pampu imatentha m'manja. Mpweya ukapanikizidwa umatero. Turbo nayo ndi pampu: utsi wotuluka mu injini umaizunguza, ndipo iyo imakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Kunja kukakhala madigiri 30, turbo n'kupanikiza mpweyawo kuwirikiza kawiri, umatuluka utafika madigiri pafupifupi 120.

Mpweya wotentha chonchi umafutukuka, choncho okosijeni yolowa mu silinda imachepa. Pa injini ya petulo umachititsanso kuti mafuta aphulike nthawi isanakwane, zomwe zingathe kuboola pisitoni. N'chifukwa chake pakati pa turbo ndi injini amaikapo intercooler, yomwe imaoneka ngati radiyeta koma m'kati mwake mumadutsa mpweya. Zambiri zimazizira ndi mphepo, zina ndi madzi.

Nkhani yagona pa malo oiika. Toyota Hilux ya 3.0 D-4D, yomwe timaiona tsiku lililonse m'misewu yathu, ili ndi kamwa pa boneti. Si kukongoletsa ayi: intercooler ili pansi pa kamwalo, pamwamba pa injini. Subaru Impreza WRX ndi chimodzimodzi. Ubwino wake, mapaipi amakhala afupiafupi. Koma galimoto ikaima pamzere kapena ikamakwera pang'onopang'ono ili ndi katundu, monga pa mtunda wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mu Okutobala, mphepo siilowa mokwanira ndipo kutentha kwa injini kumakwera n'kuiwotcha. Pa Hilux yatsopano ya GD-6, Toyota inaisamutsira kutsogolo. Kumeneko imalandira mphepo yozizira, komabe imatchinga radiyeta, miyala imaigenda, ndipo mapaipi amatalika.

Ambiri okonza magalimoto amalakwitsa pa mapaipi omwewa, poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Paipi yaikulu mopitirira imatenga nthawi kuti idzaze, moti ukaponda moto galimoto imayamba yazengereza. Yaing'ono kwambiri imatsamwitsa mpweya, turbo n'kumagwira ntchito yakalavula gaga ndi kutenthetsa mpweyawo kuposa kale. Pa injini ya malita awiri kapena atatu, ambiri amagwiritsa ntchito paipi ya mamilimita 57 mpaka 63. Ngodya iliyonse yakuthwa imadya mphamvu ya mpweya, choncho paipi ikhote mwapang'onopang'ono, ndipo mokhota mukhale mochepa. Paipi yochoka ku intercooler isadutse pafupi ndi ekizozi. Kutero n'kutenthetsanso zomwe taziziritsa kumene.

Tisaiwalenso kuti injini imagwedezeka, pomwe intercooler ya kutsogolo imamangidwa ku thupi la galimoto. Mapaipi achitsulo okhaokha angang'ambike, n'chifukwa chake polumikiza amaikapo zidutswa za silikoni. Kumapeto kwa paipi kumafunika kamlomo kotukuka kuti cholumikizira chisavuke mpweya ukachuluka.

Pakatayikira mpweya timamva kulira ngati mluzu, mphamvu imatsika, ndipo ya dizilo imafuka utsi wakuda poti mafuta achuluka kuposa mpweya. Tisanathamangire kugula turbo ina, yomwe mtengo wake ndi wosayamba, tiyambe taona zomangira ndi malo olumikizira, makamaka pomwe pali chinyezi cha oyilo. Oyilo wochepa m'paipi si vuto, koma akamachita kutayika tikamasula, turbo ifunika kuiona. Ndipo potsuka matope a dzinja pa intercooler, madzi asakhale amphamvu kwambiri, chifukwa timapepala take ta aluminiyamu sitichedwa kupindika.