Magetsi ochokera ku gasi popanda kuyatsa moto

Nyumba zoposa 500,000 ku Japan zili ndi makina amene amachotsa haidrojeni mu gasi n'kupanga magetsi mwakachetechete. Dziko lathu lili ndi gasi wambiri. Tiyeni tidziwe m'mene makinawa amagwirira ntchito, ubwino wake, ndiponso zoyenera kufunsa tikamva kuti akubwera.

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi jenereta amaidziwa bwino. Ikayamba kulira, anthu amalankhulana mokuwa. Utsi wake umalowa m'maso, ndipo ukadzaza m'chipinda chotseka umapha. Mukaikhudza, imaotcha dzanja. Kutenthako ndi mafuta amene munagula, akupita pachabe. Pa mphamvu yonse ya petulo, jenereta yaing'ono siisandutsa magetsi ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pali makina ena opanga magetsi amene salira, ndiponso satulutsa utsi wakuda. Pa Chipwitikizi amawatcha célula de combustível. Pa tsamba lino tiziwatcha batire la haidrojeni. Batire la wailesi likatha mphamvu timalitaya. Ili silitha mphamvu, malinga ngati mukulipatsa chakudya chake. Chakudyacho ndi mpweya wotchedwa haidrojeni.

Haidrojeni n'chiyani?

Haidrojeni ndi mpweya wopepuka kuposa china chilichonse. Saoneka ndi maso, ndipo alibe fungo. Ali paliponse, koma kawirikawiri sapezeka ali yekha. M'madzi amene timamwa, haidrojeni ndi wogwirana ndi okosijeni, mpweya uja umatipatsa moyo tikamapuma. Mu petulo, dizilo, palafini ndi gasi wophikira, ndi wogwirana ndi kaboni, chinthu chakuda chija chimapanga makala.

Mafuta onse okhala ndi haidrojeni ndi kaboni, pa Chipwitikizi amatchedwa hidrocarbonetos. Mawu amenewa ndi omwe ali m'dzina la kampani ya boma ya ENH, Empresa Nacional de Hidrocarbonetos. Gasi wa pansi pa nthaka, monga wa ku Pande ndi Temane, mbali yake yaikulu ndi mpweya wotchedwa metano. Kadontho kalikonse ka metano kali ndi kaboni mmodzi ndi mahaidrojeni anayi. N'chifukwa chake ofuna haidrojeni amakonda kumufuna mu gasi ameneyu.

Kukonola gasi

Mayi akafuna mphale, amathira chimanga mu mtondo, amawaza timadzi, n'kukonola. Kenako amapeta pa lichero. Mphale imatsala, gaga amapita pambali. Makina ochotsa haidrojeni mu gasi amachita zofanana ndi zimenezi.

Poyamba amachotsa sulufule, chifukwa amaononga zipangizo za m'kati. Kenako gasi amasakanizidwa ndi nthunzi ya madzi m'chipinda chachitsulo chotentha madigiri 700 kapena kuposa. Kumbukirani kuti madzi amawira pa madigiri 100 okha. M'chipindamo muli tizitsulo, monga nikeli, timene timafulumizitsa ntchito. Pa kutentha kumeneku, kaboni amasiya haidrojeni wake n'kugwirana ndi okosijeni wa m'madzi. Haidrojeni wa mu gasi ndi wa m'madzi yemwe amamasuka.

Apa pamatuluka mpweya wa poizoni, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Choncho pali chipinda chachiwiri. M'menemo nthunzi ina imasandutsa poizoniyo kukhala kaboni dayokisaidi, ndipo haidrojeni amaonjezereka. Haidrojeni ndiye mphale. Kaboni dayokisaidi ndiye gaga. Tibwereranso kwa gaga ameneyu.

Magetsi amabadwa bwanji?

M'kati mwa batire la haidrojeni muli kachikopa kopyapyala ngati pepala la pulasitiki. Kamagwira ntchito ngati sefa. Mbali imodzi kumalowa haidrojeni, mbali inayo kumalowa mpweya wamba wapanja. Pa kachikopako amapakapo chitsulo chodula chotchedwa pulatinamu, pang'ono kwambiri.

Haidrojeni akakhudza pulatinamu, amagawika pawiri. Chidutswa chimodzi chimadutsa pa sefa. Chinacho sichingadutse, ndiye chimazungulira kudzera mu waya. Kuyenda kwa tizidutswa timeneti mu waya ndiwo magetsi, amene amayatsa babu kapena kuyendetsa firiji. Tsidya linalo zidutswa ziwiri zija zimakumananso, n'kugwirana ndi okosijeni. Chimene chimapangika ndi madzi, komanso kutentha.

Kachikopa kamodzi kamapereka magetsi ofooka, osafika ngakhale pa a batire limodzi la tochi. Choncho amasanjikiza tambirimbiri, ngati mbale pa thandala, mpaka mphamvu itakwana. Palinso mtundu wina umene m'malo mwa kachikopa umakhala ndi timbale ta dothi lapadera lootcha, ndipo umagwira ntchito uli wotentha kwambiri.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Anaitulukira ndi William Grove, loya wa ku Wales, m'chaka cha 1839. Mu 1969, anthu atapita ku mwezi pa chombo cha Apollo 11, magetsi awo ankachokera ku mabatire a haidrojeni. Madzi otuluka m'mabatiremo ankamwa.

Nyumba za ku Japan

Ku Japan makinawa anayamba kugulitsidwa kwa mabanja m'chaka cha 2009, pa dzina lakuti Ene-Farm. Makampani monga Panasonic ndi Aisin ndiwo amawapanga, ndipo makampani a gasi monga Tokyo Gas ndi Osaka Gas amawagulitsa. Pofika 2023, makina ogulidwa anali atakwana 500,000.

Makinawa amaikidwa panja, pafupi ndi khoma la nyumba, ndipo amaoneka ngati makabati achitsulo. Gasi amafika pa paipi ya mu mzinda kapena kuchokera m'mabotolo akuluakulu. M'kabati imodzi muli zonse ziwiri: chokonolera gasi ndi batire la haidrojeni. Ambiri amapereka mawati 700. Mphamvu imeneyi ingayatse mababu 70 a mawati 10, kapena firiji, wailesi yakanema ndi mababu a m'nyumba nthawi imodzi.

Kutentha sakutaya. Kumatenthetsa madzi osamba ndi otsukira mbale, amene amasungidwa mu thanki. Pa magawo 100 a mphamvu ya gasi, magawo 40 mpaka 55 amasanduka magetsi. Mukaphatikiza ndi madzi otentha aja, banja limagwiritsa ntchito magawo oposa 85. Yerekezani ndi jenereta ija.

Japan ndi dziko la zivomezi ndi mphepo zamkuntho. Chivomezi chachikulu cha mu 2011 chitachitika, magetsi anasowa m'madera ambiri, ndipo mabanja ochuluka anayamba kufuna magetsi awoawo. Makina ena a Ene-Farm amapitiriza kugwira ntchito ngakhale magetsi a mu mzinda atazima, malinga ngati gasi akufika.

Koma zimenezi sizinangochitika zokha. Poyamba makina amodzi ankagulidwa mtengo wofanana ndi wa galimoto yatsopano. Boma la Japan linkalipirako gawo lina la mtengowo kwa zaka zambiri, kuti ogula achuluke. Ogula atachuluka, mtengo unatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo woyamba. Ngakhale lero, si makina a munthu wosauka.

Kusunga haidrojeni n'kovuta

Makina a m'nyumba za ku Japan sasunga haidrojeni wambiri. Amakonola wokwana nthawi yomweyo, monga mayi wokonola mphale ya tsiku limodzi. Koma galimoto, basi kapena fakitale imafuna nkhokwe. Vuto n'lakuti haidrojeni ndi wopepuka kwambiri, ndiye wochepa yekha amadzaza malo aakulu. Pali njira zitatu zomusungira.

Yoyamba ndi kumupopera mwamphamvu mu thanki yolimba. Tayala la galimoto timalipopa kufika pa 2 kapena 3, pa muyeso wotchedwa bar. Thanki ya galimoto ya Toyota Mirai, imene inatuluka mu 2014, imapopedwa kufika pa 700.

Yachiwiri ndi kumuziziritsa mpaka asanduke madzimadzi. Zimenezi zimafuna kuzizira kwa madigiri 253 kunsi kwa ziro, ndipo zimadya magetsi ambiri.

Yachitatu ndi ufa wa zitsulo zapadera, umene umamwa haidrojeni ngati m'mene thonje limamwera madzi. Ufawo ukatenthetsedwa, umamutulutsanso. Njirayi siifuna kupopa mwamphamvu, koma thanki yake imalemera.

Haidrojeni amayaka msanga, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Akamatuluka pa kabowo, mphuno siingamve. Choncho malo osungira amafunika mpweya wodutsa bwino, zipangizo zochenjeza, ndi anthu ophunzitsidwa. Imeneyi si ntchito yoyesera kuseri kwa nyumba.

Nanga gaga amapita kuti?

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti batire la haidrojeni limatulutsa madzi okha. Akunena zoona, koma akutchula mbali imodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kaboni amene anali mu gasi sasowa. Popanga kilo imodzi ya haidrojeni kuchokera ku gasi, pamatuluka makilo 9 kapena 10 a kaboni dayokisaidi. Mpweya umenewu ndi womwe ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Ife amene tinaona chimphepo cha Idai mu 2019 ndi cha Freddy mu 2023, nkhani ya nyengo si yachilendo kwa ife.

Phindu lenileni la makinawa ndi ili: pa gasi yemweyo amapereka ntchito yambiri, ndiye gaga amachepa. Satulutsanso mwaye wolowa m'chifuwa. Haidrojeni wopanda gaga aliko. Amapangidwa pogawa madzi ndi magetsi a dzuwa, a mphepo kapena a damu. Koma pakali pano ndi wodula. Haidrojeni wochuluka pa dziko lapansi akupangidwabe kuchokera ku gasi ndi malasha, ndipo wambiri amapita ku mafakitale a feteleza ndi oyenga mafuta.

Anayesapo kumudzi

Mungafunse kuti, kodi zimenezi zingatheke kumudzi kopanda mapaipi? Ku South Africa anayesapo. Mu 2014, kampani yokumba pulatinamu ya Anglo American Platinum pamodzi ndi Ballard Power Systems ya ku Canada anaika makina otere m'mudzi wa Naledi Trust, pafupi ndi Kroonstad. Nyumba 34 zinalandira magetsi. M'malo mwa gasi wa pa paipi ankagwiritsa ntchito metanol wosakaniza ndi madzi. Metanol ndi mafuta amadzimadzi amene nthawi zambiri amapangidwa kuchokera ku gasi. Ankabwera nawo pa galimoto n'kuthira mu thanki.

Kampani ya pulatinamu inali ndi chifukwa chake. South Africa ndiyo imakumba pulatinamu wochuluka kuposa mayiko onse, ndipo Zimbabwe nayo ili m'gulu la otsogola. Mabatire a haidrojeni akachuluka, chitsulo chawo chimayenda malonda. Si kulakwa, koma ndi bwino kudziwa amene akupindula.

Nanga ife kuno?

Gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane, anayamba kutumizidwa ku South Africa mu 2004, pa paipi yotalika makilomita 865. Mu 2010 gasi wochuluka kwambiri anapezeka pansi pa nyanja ku Rovuma, kufupi ndi Cabo Delgado. Mu Novembala 2022, sitima yoyamba inanyamula gasi wa ku Coral Sul kupita kunja. Komabe midzi yambiri ya ku Tete ndi ku Niassa ikugonabe mu mdima, ngakhale damu la Cahora Bassa lili pafupi.

Lamulo lalikulu la dziko, pa ndime 98, limati chuma cha pansi pa nthaka ndi cha m'nyanja ndi cha dziko. Lamulo la mafuta la mu 2014 linanena kuti magawo osachepera 25 pa 100 a mafuta ndi gasi wokumbidwa kuno azitsala pa msika wa m'dziko muno. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yofuna kuti aliyense akhale ndi magetsi pofika 2030. Choncho kufunsa za gasi ndi magetsi ndi ufulu wa nzika iliyonse.

Kunena zoona, banja la ku Angónia kapena ku Metangula lofuna kuunika ndi kutchaja foni lingathandizike msanga ndi sola kapena waya wa EDM. Mabatire a haidrojeni amayenera kwambiri malo amene magetsi safunika kuzima ngakhale ola limodzi, monga chipatala chosunga katemera kapena nsanja ya mafoni. Koma makampani amabwera ndi mapulani osiyanasiyana, ndipo mawu akuti haidrojeni muziwamva kawirikawiri. Safunsa anadya phula. Pa msonkhano wa m'mudzi, imikani dzanja mufunse:

Mafuta ake azichokera kuti, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaduka azifika bwanji?
Banja lizilipira zingati pa mwezi, poyerekeza ndi sola?
Makina akafa, adzakonza ndani? Kodi achinyamata athu aphunzitsidwa?
Thanki ikhala patali bwanji ndi nyumba ndi sukulu?
Haidrojeni ameneyu wachokera ku gasi kapena ku madzi? Nanga kaboni akupita kuti?

Pemphani kuti mayankho alembedwe pa pepala, ndipo amfumu ndi komiti ya m'mudzi asunge pepalalo.

Mawu atsopano

Haidrojeni: mpweya wopepuka, wopanda fungo, woyaka msanga.
Kaboni: chinthu chakuda chopezeka m'makala ndi m'mafuta.
Metano: mpweya wochuluka mu gasi wa pansi pa nthaka.
Pulatinamu: chitsulo chodula chimene chimagawa haidrojeni.
Wati: muyeso wa mphamvu ya magetsi.

Zokambirana m'kalasi

1. Kodi batire la haidrojeni likusiyana bwanji ndi jenereta?
2. M'nkhaniyi, mphale ikuimira chiyani, nanga gaga akuimira chiyani?
3. Ngati makina amodzi amapereka mawati 700, angayatse mababu angati a mawati 5?
4. M'dera lanu, ndi malo ati amene akufunika magetsi osazima? Mungakauze ndani?