Khasu la ofukula silibatiza munthu

Ndikangotchula kuti ntchito yanga ndi yofukula zakale za m'maiko a m'Baibulo, funso limakhala lomwelo: "Nanga Likasa la Chipangano lija munalipeza?" Ofunsawo sindiwaseka. Ena anaonera filimu ya Indiana Jones ya 1981, ena anawerenga buku la Paul Maier lotchedwa A Skeleton in God's Closet, momwe mafupa owaganizira kuti ndi a Yesu amagwedeza Akhristu padziko lonse. M'nkhani zopekazi munthu amalowa m'phanga akukayika, n'kutulukamo atagwada.

Ntchito yeniyeni ndi ya fumbi. Timalawirira mbandakucha dzuwa lisanakwiye, kugwada m'dzenje, kupala dothi pang'onopang'ono ndi kakhasu, kenako kulisefa. Chuma chathu ndi mapale. Madzulo timawatsuka m'ndowa, kuwayanika, ndipo katswiri amagwira phale limodzi, kusisita mlomo wa mphikawo ndi chala, n'kunena nthawi yomwe unaumbidwa, monga agogo amazindikirira mphika wakwawo poona kaumbidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikuluzikulu zimapezeka ndithu, koma mwa apo ndi apo. Mu 1961 ku Caesarea kunapezeka mwala wolembedwa dzina la Pontiyo Pilato. Mu 1993 ku Tel Dan kunatuluka chidutswa cha mwala chotchula nyumba ya Davide. Mwalawo ukusonyeza kuti mafumu a banja la Davide ankadziwika ngakhale kwa adani awo. Za Goliati suyankhulapo kanthu.

Nthawi zina dothi limatisokoneza. John Garstang, atafukula ku Yeriko m'zaka za m'ma 1930, analengeza kuti wapeza malinga omwe anagwa m'masiku a Yoswa. Kathleen Kenyon anafukulanso kumeneko kuyambira 1952 mpaka 1958, ndipo ataunika mapale ndi kasanjidwe ka dothi anapeza kuti malingawo anali akale kwambiri kuposa nthawi ya Yoswa. Akatswiri akukanganabe za Yeriko mpaka lero.

Apa ndi pomwe wokhulupirira wa m'ntchito yathu amalimbana ndi mtima wake: osati m'phanga la njoka ngati la m'filimu ija, koma patebulo, pomwe phale lakana kunena zomwe iye amafuna kumva. Ulemu wa ntchito ndi kulemba zomwe waona, osawonjezerapo mchere.

Mabuku opekawo werengani, amakoma. Koma mukamva kuti wina wapeza chinthu chotsimikiza kapena chogwetsa Baibulo, funsani: chapezeka pati, m'dothi la nthawi iti, ndipo akatswiri ena achiona?